Mwana wa thukuta lamchere: kumuteteza kulekezere pati?

Makolo a mwana wodwala cystic fibrosis amatuluka m'chipinda cha dokotala atanyamula malangizo amitundu iwiri amene amaoneka ngati akukangana. Ena akuti mwana asasewere m'zithaphwi, asakhale pa utsi, asayandikane ndi mnzake wa matenda omwewa, asadumphitse mankhwala ngakhale tsiku limodzi. Ena akuti apite kusukulu, athamange, amenye mpira, adye zonona mpaka akhute, ndipo musamutsekere m'nyumba. Mayi akafika kumudzi, kaya ndi ku Ulónguè, ku Furancungo kapena ku Moatize, n'kuyamba kufotokozera agogo ndi amalume a mwanayo, funso limene amalandira ndi limodzi: nanga ife timve ziti?

Malangizo onsewo ndi oona. Kuti munthu aone m'mene akugwirizanirana, ayenera kuyamba wadziwa chimene matendawa amachita m'thupi, komanso m'mene madokotala eni ake akhala akusinthira maganizo pa zoyenera kuletsa ndi zoyenera kulola. Pa mapepala a kuchipatala kuno ku Mozambique dzina lake mudzalipeza litalembedwa kuti fibrose quística.

Chimene chimachitika m'thupi

M'njira zopumira, m'matumbo ndi m'timipaipi ta kapamba, kachiwalo kaja kokhala kuseri kwa chifu, mumakhala chinyezi choterera chimene chimakokolola fumbi ndi tizilombo n'kumazitulutsa. Kuti chinyezicho chisaume, thupi limatulutsa mchere pang'onopang'ono kudzera pa kakhomo kosaoneka ndi maso kotchedwa CFTR, ndipo madzi amatsatira mcherewo. Mwa mwana wa cystic fibrosis kakhomoka sikagwira bwino ntchito, mwinanso kulibiretu. Madzi sabwera okwanira, makhololo amalimba n'kumata.

Aliyense amene anathirirapo mbatatesi kapena kabichi m'madimba a ku Angónia ndi ku Tsangano akudziwa zimene zimachitika m'ngalande madzi akachepa. Zinyalala zimene zikanapita ndi madzi zimaima, matope amaunjikana, ndere zimamera, ndipo mbewu za kumunsi zimayamba kufota ngakhale kumtunda madzi alipo. M'mapapo, makhololo oima aja amasanduka malo oswanirana tizilombo. Mwana amatsokomola miyezi ndi miyezi, chibayo chimabwera n'kubweranso, ndipo chikabwera chimasiya chipsera. M'kapamba, timadzi togaya chakudya timatsekeredwa osafika m'matumbo. Izi zimachitikira odwala pafupifupi 85 pa 100 alionse. Mwana amadya ngati munthu wamkulu koma kusikelo muvi sukwera, mimba imatupa, chimbudzi chimakhala chambiri, chamafuta ndi chonunkha koopsa. Mavitamini A, D, E ndi K amene amayenda ndi mafuta amatayikira komweko. Makanda ena, mmodzi kapena awiri pa khumi, amabadwa matumbo atatsekeka kale moti chimbudzi choyamba chija sichituluka.

Pakhungu vuto lake ndi lakuti thupi limalephera kubweza mchere umene uli m'thukuta. Mayi akapsompsona mwana pachipumi amamva mchere, ndipo tsiku lotentha thukuta likauma pamatsala zoyera m'mbali mwa tsitsi.

Dokotala woyamba kufotokoza matendawa momveka anali Dorothy Andersen wa ku New York, mu 1938. Mu 1948 mzindawo unatentha kwambiri, ndipo dokotala wina, Paul di Sant'Agnese, anaona kuti ambiri mwa makanda amene ankabwera atalefuka ndi kutenthako anali a matenda amenewa. Mu 1953 anasonyeza kuti thukuta lawo lili ndi mchere wochuluka. Kuchokera pamenepo panabadwa njira yoyezera thukuta imene madokotala Gibson ndi Cooke anaikonza mu 1959, ndipo mpaka lero ndi imene imatsimikizira matendawa: mchere wa chloride ukafika 60 mmol pa lita kapena kuposa, ndi omwewo. Chiyambi chake chenicheni m'chibadwa cha munthu chinapezeka mu 1989 ndi gulu la Lap-Chee Tsui, John Riordan ndi Francis Collins.

Zinthu ziwiri tizigwiritse pano tisanapitirire, chifukwa ndi zimene zimatsegulira mwana chitseko cha sukulu. Matendawa sakhudza nzeru. Ndipo sapatsirana: mwana wathanzi akhoza kudya mbale imodzi, kugona mphasa imodzi ndi kukhala desiki imodzi ndi wodwalayo osatenga kanthu.

Amachokera kwa ndani?

Munthu aliyense amalandira malangizo opangira kakhomo ka CFTR kawiri, kamodzi kwa mayi, kamodzi kwa bambo. Amene walandira olakwika mbali imodzi yokha sadwala, amangowanyamula osadziwa moyo wake wonse. Onyamula awiri akakwatirana, pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi pa inayi woti mwana adwale, iwiri pa inayi woti akhale wonyamula ngati makolo ake, ndi umodzi pa inayi woti asatenge chilichonse. Kayendedwe kake ndi kofanana ndi ka matenda a siko selo amene ambiri timawadziwa. Mimba iliyonse imayambiranso payokha, choncho banja likhoza kukhala ndi ana asanu athanzi, lina n'kukhala ndi odwala awiri otsatizana.

Izi zili ndi tanthauzo lalikulu m'midzi yathu. Mwana wotsokomola, wowonda, wotupa mimba, ambiri amayamba kuganizira tsempho kapena mdulo, ndipo anthu amayamba kufufuzana kuti ndani sanasunge mwambo, ndani anathira mchere m'ndiwo pa nthawi yosayenera. Kwa Achewa chala chimakonda kuloza mkamwini, kwa Angoni chimaloza mkazi wobwera. Sife tokha: ku Ulaya kalekale kunali chikhulupiriro chakuti mwana womveka mchere pachipumi walodzedwa ndipo sakhalitsa. Sindikulemba kuti ndiweruze mwambo wa aliyense. Chimene ndikufuna chimveke n'chakuti pa matenda awa mbali ya kuchimuna ndi ya kuchikazi zapereka mofanana ndendende, ndipo zinachitika tsiku limene mimba inayamba, aliyense asanachite kapena kulephera kuchita kalikonse. Mayi amene akudziimba mlandu ndi amene amayamba kumuphimba mwana mopitirira, poopa kuti anthu anganene kuti walakwitsanso.

Kodi si matenda a azungu?

Kwa zaka zambiri mabuku ankatero. Kumpoto kwa Ulaya mwana mmodzi pa ana pafupifupi 2,500 mpaka 3,000 amabadwa nawo, ndipo munthu mmodzi pa 25 ndi wonyamula. Pakati pa anthu akuda sapezekapezeka choncho, koma alipo. Ku South Africa madokotala akhala akuwapeza mwa ana akuda, ndipo ambiri mwa iwo ali ndi mtundu wa kulakwika kwa CFTR wotchedwa 3120+1G>A, osati F508del umene uli wofala ku Ulaya. Mitundu ya kulakwika kwa CFTR yodziwika ndi yoposa 2,000, choncho kuyeza magazi kumene kunakonzedwa poganizira mitundu ya ku Ulaya kukhoza kumudumpha mwana wa kuno.

Vuto lalikulu ndi lakuti zizindikiro zake zimafanana ndi za matenda amene tili nawo ambiri: chifuwa chachikulu, HIV, mphumu, kunyentchera. Ndipo zoona zake n'zakuti ana ochuluka otsokomola ndi owonda amakhala akudwala amenewo, moti ndi amene ayenera kuyamba kuyezedwa. Koma mwana akamaliza miyezi isanu ndi umodzi ya mankhwala a TB chifuwa chili chomwecho, HIV alibe, chiponde akudya koma thupi silikubwera, chimbudzi n'chamafuta, nsonga za zala zayamba kutupa, mwinanso mkulu wake anamwalira ndi zofananazo, ndi bwino kumufunsa dokotala za fibrose quística ndi kupempha kalata yopitira kuchipatala chachikulu. Maiko ambiri a ku Ulaya komanso America amayeza khanda lililonse likangobadwa potenga kadontho ka magazi pachidendene. Kuyeza kotero kwa matendawa sikunafike m'zipatala za boma za m'chigawo chathu chino.

Zoletsa zimene zinasintha

Mbiri ya matendawa ili ndi nkhani zitatu zimene kholo lililonse liyenera kuzidziwa, chifukwa zikusonyeza kuti kuteteza ndi kulola zonse zinalakwitsapo.

Yoyamba ndi ya chakudya. Poona kuti mafuta amatsegula m'mimba, madokotala ambiri ankaletsa ana kudya zonona. Zinkaoneka zanzeru, chimbudzi chinkakhalako bwino. Koma ku Toronto, dokotala Douglas Crozier anayamba m'zaka za m'ma 1970 kuwadyetsa mafuta ochuluka pamodzi ndi mankhwala ogaya chakudya okwanira. Mu 1988 ofufuza anayerekeza odwala a ku Toronto ndi a ku Boston, kumene ankaletsabe. A ku Toronto anali otalikirapo ndi onenepa, ndipo theka la iwo linkafika zaka 30, pamene ku Boston theka linkafika zaka 21. Choletsa chimene chinaikidwa mwachikondi chinali kuwadula ana moyo.

Yachiwiri ndi ya matenti a nthunzi. M'zaka za m'ma 1960 ana ambiri ku America ankagona usiku wonse m'katenti ka pulasitiki kodzaza nthunzi, n'kumadzuka zovala zili chonyowa, poganiza kuti makhololo afewa. Kafukufuku atachitika anapeza kuti sizithandiza kwenikweni, ndipo chinyezicho chikhoza kusunga tizilombo. Matentiwo anasiyidwa.

Yachitatu inapita kwina. Kunali misasa ya patchuthi kumene ana a cystic fibrosis ankasonkhana, kusewera ndi kugona limodzi, ndipo kwa ambiri ndi kumene ankaiwalako kuti ndi odwala. Kenaka zinadziwika kuti kachilombo kotchedwa Burkholderia cepacia, kamene kamakhala m'nthaka ndipo kanayamba kudziwika ngati koolesa anyezi, kamadumpha kuchoka kwa wodwala mmodzi kupita kwa mnzake, ndipo ena ankamwalira nako msanga. Misasayo inatsekedwa m'zaka za m'ma 1990. Mu 2013 bungwe la Cystic Fibrosis Foundation la ku America linalangiza kuti odwala awiri osachokera nyumba imodzi azitalikirana pafupifupi mamita awiri. Lamuloli ndi lowawa, chifukwa munthu yekhayo amene angamvetse zimene mwana akudutsamo ndi amene sayenera kumukhala pafupi. Koma lili ndi maumboni kumbuyo kwake. Taonani kuti likunena za odwala awiri, silikunena za anzake a m'kalasi.

Ine ndimaona kuti choletsa chilichonse chiyenera kufunsidwa funso limodzi: chikutchinga ngozi yodziwika, kapena chikungotonthoza mtima wa akuluakulu?

Madzi oima, utsi ndi fumbi

Kachilombo kamene madokotala amakaopa kwambiri ndi Pseudomonas aeruginosa. Kamakonda malo achinyezi: zithaphwi, matope, ngalande za madzi oipa, mgolo umene madzi agonamo masabata. Kwa munthu wathanzi kawirikawiri sikachita kanthu, koma kakakhazikika m'makhololo omata kamavuta kuchotsa, ndipo mapapo amayamba kutsika msanga. Chachiwiri ndi chuku cha mtundu wa Aspergillus, chimene chimauluka kuchokera pa mulu wa manyowa, udzu wovunda, chimanga choola m'nkhokwe ndi zitosi za m'khola.

Malangizo a ku Ulaya amatchula zinthu ngati mabafa otentha a m'mahotela ndi makola a mahatchi. Kwa ife nkhani ili pa dambo, pa chitsime, pa dimba ndi pa khola la mbuzi, malo amene mwana wa kumudzi amakulirapo. Kumuletsa onsewo ndi kumuletsa mudzi wonse. Chimene chimatheka ndi kusankha. Kufukula manyowa, kusesa m'khola, kulowa m'nkhokwe, kusambira m'chithaphwi cha madzi obiriwira, izo apatsidwe ena kapena zisiyidwe. Kuweta mbuzi kutchire, kukolola, kutuma kumsika, kutunga madzi pa mjigo, akhoza kuchita ngati mwana wina aliyense, n'kusamba m'manja ndi sopo akabwerako. Madzi akumwa akhale owiritsa kapena othira mankhwala, ndipo chidebe chizitsukidwa. Tinene chilungamo: tizilomboti tili ponseponse, ndipo mwana wosungidwa bwino kwambiri akhoza kutitengabe. Zikachitika sikuti mayi analekerera.

Utsi ndiye sufuna kukambirana. M'miyezi ya Juni ndi Julaye ku Angónia, pamwamba pa mamita oposa 1,000, kumazizira zedi ndipo mabanja amasonkha moto m'nyumba zitseko zili chotseka. Kwa mwana uyu kuli bwino bulangete lowonjezera kusiyana ndi mbaula. Kuphika kuchitikire panja kapena m'khitchini yotseguka, ndipo khanda lisakhale kumsana pamene mayi akupemerera moto. Wosuta fodya, kaya ndi bambo kaya ndi agogo, akasutire kutali. M'madera olima fodya monga Macanga, Chifunde ndi Angónia, fumbi la m'chigafa nthawi yosankha ndi kumanga mabelo si la mwana ameneyu. Ku Moatize kuli fumbi la malasha, limene banja silingalichotse, koma likhoza kusankha nthawi ndi malo osewerera ndi kukolopa m'malo mosesa pouma.

Katemera yense wa pakhadi alandire pa nthawi yake. Wa chibayo analowa mu ndondomeko ya boma kuno mu 2013, ndipo wa chikuku ndi wa chifuwa chokoka mtima ndi ofunika kwambiri kwa mapapo ofooka.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku

Chitetezo chenicheni chili pa zinthu zotopetsa zimene zimabwerezedwa tsiku lililonse. M'mawa asanadye, mayi amamugoneka mwana pamiyendo kapena pamphasa, amapinda dzanja ngati akufuna kutunga madzi, n'kumamenya pachifuwa, m'nthiti ndi kumsana pa chovala chopyapyala. Likamenyedwa bwino limalira mwaphompho, silimveka ngati khofi ndipo silipweteka. Amatembenuza mwana, amapitiriza, kenaka mwana amapuma mokoka n'kutulutsa mpweya mwamphamvu kukamwa kuli yasa mpaka makhololo atakwera. Zimatenga mphindi makumi awiri kapena atatu, kawiri patsiku, ndipo chifuwa chikakula zimawonjezeka. Ana okulirapo ena amaphunzitsidwa kuuzira m'botolo la madzi kudzera pa kapaipi, ndipo madziwo amatayidwa ndi botolo kuumitsidwa nthawi iliyonse. Kachitidwe koyenera mwana wanu akakusonyezeni a fiziyoterapiya kuchipatala.

Makapisozi ogaya chakudya, amene ambiri amawadziwa ndi dzina la Creon, amamwedwa poyamba kudya chakudya chilichonse chokhala ndi mafuta, ngakhale chitumbuwa cha pa buleki. Kwa khanda kapisoziyo amatsegulidwa, timibulu ta m'kati timasakanizidwa ndi kachipatso kowawasa kophwanya pa sipuni, osatisinja, ndipo pomaliza mayi amayang'ana m'kamwa kuti pasatsale kena chifukwa kamatupitsa zilonda. Mankhwalawa amapangidwa kuchokera ku kapamba wa nkhumba, chinthu chimene mabanja ena amafuna kuchidziwa ndi kuchikambirana ndi atsogoleri a chipembedzo chawo. Amafooka ndi kutentha, ndipo nyumba ya malata mu mzinda wa Tete masana a Novembala si malo awo. Pafunika kona yozizirirapo, kutali ndi zenera ndi moto.

Chakudya chikhale chochuluka kuposa cha anzake a msinkhu wake: phala la nsinjiro lothira mafuta, mazira, mapeyala, kapenta, nyama ya mbuzi ikapezeka. M'banja limene onse amadya mbale imodzi izi zimabweretsa mawu, abale ake amaona ngati akukonderedwa. Afotokozereni poyera kuti gawo lina la zimene mnzawo akudya likungodutsa.

Kuthamanga, dzuwa ndi mchere

Kholo likaona mwana akutsokomola pothamanga, mtima umati mukhazike pansi. Koma kutsokomola kumeneko ndiko kukuchotsa makhololo. Mu 1992 ofufuza a ku Pittsburgh anatsatira odwala kwa zaka zisanu ndi zitatu. Mwa amene anali olimba kwambiri pa masewera, 83 pa 100 anali adakali moyo, pamene mwa ofooka kwambiri anali 28 pa 100. Ziwerengerozi pazokha sizikutsimikiza kuti masewera ndiwo anawasunga, popeza amene mapapo awo ali bwinoko ndi amenenso amatha kuthamanga. Komabe madokotala a matendawa amagwirizana kuti mpira, jingo, kupalasa njinga, kuvina ndi kuimba m'kwaya ndi mbali ya chithandizo.

Ngozi yake ili pa thukuta. Mzinda wa Tete ndi chigwa cha Zambezi zimapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndipo mwana ameneyu amataya mchere wochuluka kuposa anzake, koma ludzu silimugwira msanga. Amangoyamba kulefuka, kukana kudya, kusanza, kukokana kwa minofu, khanda n'kusiya kuyamwa. Zikatere ndi zothamangira nazo kuchipatala. Podziteteza, asewere m'mawa kapena dzuwa litapendeka, anyamule botolo la madzi ndipo azikumbutsidwa kumwa, ndiwo zake zikhale zomveka mchere, nsomba youma yamchere ngati chicoa isamanidwe. Mapaketi a SRO, ufa uja wa mchere ndi shuga wosungunula m'madzi akumwa, azikhala m'nyumba. Muyezo wa mchere wowonjezera kwa khanda anene ndi dokotala, osayerekeza. Apa ndi pamene agogo amadabwa kwambiri, chifukwa kuwailesi amamva kuti mchere wambiri ndi woipa. Kwa iwo ndi zoona, kwa mdzukuluyu ayi.

Kusukulu zofunika ndi zochepa ndipo sizidya ndalama. Aphunzitsi adziwe kuti chifuwacho sichipatsirana, amulole kupita kuchimbudzi osadikira kupempha kawiri, kumwa madzi m'kalasi ndi kumeza makapisozi ake. Tsiku losesa pabwalo apatsidwe ntchito ina, osati kukhazikidwa padera anzake akumuyang'ana. M'kalasi mukagwa chimfine chachikulu kapena mwana wina akapezeka ndi TB, makolo auzidwe.

Mtengo wa kuphimba mwana

Mu 1964 madokotala awiri a ana, Morris Green ndi Albert Solnit, anafotokoza zimene zimachitika m'banja limene linakhulupirira kuti mwana wawo amwalira. Makolo amalephera kumulekanitsa ndi iwo, amaleka kumudzudzula, amamujombetsa kusukulu pa chifukwa chilichonse, ndipo mwanayo amakula akudziona ngati chinthu chosweka. Pa cystic fibrosis chiyeso chimenechi n'chachikulu chifukwa mantha ake ali ndi maziko. Kafukufuku wa m'maiko asanu ndi anayi amene anatuluka mu 2014, wokhudza odwala oposa 6,000 ndi makolo oposa 4,000, anapeza kuti nkhawa ndi matenda a kukhumudwa zinali zochuluka kawiri kapena katatu kuposa mwa anthu ena, ndipo kholo likakhala nazo mwana wake wachinyamata amakhalanso pa chiopsezo.

Pali chinanso chimene chimaoneka mochedwa. Mwana amene amachitiridwa chilichonse amafika zaka khumi ndi zisanu osadziwa dzina la mankhwala ake. Tsiku limene adzapite kusekondale yogonera konko ku Tete kapena kwa azakhali ake ku Lilongwe, chithandizo chonse chimatsala kumudzi ndi mayi. N'chifukwa chake zipatala za matendawa zimalangiza kumupatsa udindo pang'onopang'ono: ayambe ndi kuwerenga yekha makapisozi, kenaka kukumbukira nthawi, kenaka kuyankha yekha mafunso a dokotala. M'mera mpoyamba.

Mbali inayo nayo ilipo ndipo siyenera kuchepetsedwa. Banja lina, pofuna kuti mwana asadzione wosiyana kapena poopa zonena za anthu, limabisa matenda, limadumphitsa kumenya pachifuwa kukabwera alendo, limadikira chifuwa chikule lisanakwere chapa kupita kuchipatala. Mapapo akawonongeka sabwerera. Ndipo kumene chipatala chili kutali ndi mankhwala osowa, kholo limene limasamala mopitirira silikuchita misala: likudziwa kuti chibayo chimodzi chimene ku Toronto chikanatha ndi masabata awiri a mankhwala a m'mitsempha, kuno chikhoza kutenga mwana.

Mankhwala atsopano amene mukuwaona pa Facebook

M'zaka za m'ma 1950 ana ambiri a matendawa sankafika msinkhu woyamba sukulu. Lero ku America mwana wobadwa nawo akuyembekezeka kupitirira zaka 50. Gawo lalikulu la kusinthaku linabwera ndi chakudya, maantibayotiki ndi kuchotsa makhololo, mankhwala odula asanabwere. Kenaka kunabwera mankhwala okonza kakhomo ka CFTR kenikeniko: ivacaftor mu 2012, ndi Trikafta wa kampani ya Vertex mu 2019. Kwa amene amawayanja, chifuwa chimachepa ndipo thupi limabwera m'masabata ochepa. Sachiza, amamwedwa moyo wonse, ndipo mtengo wake ku America ndi woposa madola 300,000 pachaka. Amagwira makamaka pa F508del ndi mitundu ina yofanana nayo, koma pa mitundu imene thupi silipanga kakhomoko n'komwe alibe chokonza, ndipo 3120+1G>A ili m'gulu limenelo.

Mafunso amene sanayankhidwe

Palibe kaundula amene akuonetsa kuti ana a matendawa m'chigawo cha Tete ndi angati, ndipo popanda chiwerengero n'kovuta kuti boma liike makapisozi ogaya chakudya pa mndandanda wa mankhwala a m'zipatala za m'maboma. Koma chiwerengerocho sichingapezeke popanda kuyeza thukuta pafupi ndi anthu. Chiyambe n'chiti?

Malangizo a za madzi ndi nthaka anachokera kumaiko kumene mwana amakulira m'nyumba ya simenti ndi madzi a m'mpopi, ndipo ngakhale komweko akatswiri sagwirizana kuti kupewa matope kumachedwetsa Pseudomonas ndi zaka zingati. Palibe amene anayeza zimenezi mwa mwana wokulira kudimba. Chimodzimodzi fumbi la pabwalo gule akatuluka kapena ngoma ikavinidwa: kodi ngozi ya madzulo amodzi ikuposa kuwawa kwa mnyamata amene anzake onse apita iye watsala pakhonde?

Lamulo la mamita awiri silikhudza ana a mimba imodzi, koma abale awiri odwala ogona chipinda chimodzi angatetezedwe motani kuti wina asapatsire mnzake? Mwana auzidwe liti kuti matendawa satha, ndipo mnyamata auzidwe ndi ndani, pa msinkhu uti, kuti amuna ambiri a matendawa sabereka mwa njira yachibadwa? Abale ake athanzi ayezedwe asanakwatire, m'dera limene mbiri yotero ikhoza kulepheretsa ukwati? Ndipo ngati mankhwala atsopano adzatsika mtengo n'kufika ku Maputo, ndani akufufuza mankhwala a mitundu ya matendawa imene ili mwa ana a ku Africa kuno?